Kalata kwa Nachisale: a Telala atisiya, ndipo chitenje chavuta

Nachisale mnzanga,

Kalata yako yafika bwino, pamodzi ndi mafuta opaka m'maondo aja ndi chokoleti chimene chinasungunukira m'chikwama cha mwana wa a Gama. Zidzukulu zanyambita mpaka pepala lake. Mafutawo ndapungulirako make Chisomo chifukwa anandipeza ndikumasula phukusi, ndipo maso ake ukuwadziwa. Mnyamatayu akubwerera kumeneko Loweruka, ndiye ndati nanenso ndigwire cholembera. Zotumizirana mawu pafoni zija zimanditha bandulo, komanso ndinakutulukira kuti sumamvera mpaka kumapeto, umangoyankha ndi timanja topemphera tija.

A Telala atisiya. Ndikudziwa kuti unaona kale pa gulu la WhatsApp, koma pamenepo anthu anangolemba RIP n'kupitiriza kukangana za chitenje, choncho ndikufuna uimve kwa ine. Chinayamba ndi chifuwa, kenaka miyendo inatupa, kuchipatala anangogonako pang'ono basi. Tinawaika Lachiwiri lapitali. Abusa anali ku msonkhano wa presbiterio, ndiye mwambo anayendetsa ndi a Mbewe, ndipo analalikira bwino, sindinama. Chimene chinandikhala pamtima ndi mbiri. Anabadwa chaka chakuti, anabatizidwa chaka chakuti, asiya ana angapo ndi zidzukulu, sanakhalepo pa udindo uliwonse mumpingo, basi yathera pomwepo. Kuwerenga chipepeso kunatenga nthawi yaitali kuposa mbiri ya munthuyo. Amene anabweretsa nkhuku anatchulidwa dzina, mudzi ndi mfumu yake.

Kumanda kuja ndinayamba kuyang'ana nkhope za anthu. Ine ndemwe. A Mbewe eni akewo amene amalalikira. Aphunzitsi a Zulu. Make Chisomo. Anyamata awiri a kwa nyakwawa aja amene kachasu anali atawamaliza. Mlongo wako. Abusa aja ali ku Kasungu sanabwere koma anatumiza uthenga, ndi iwe uli kutaliko. Tonsefe tinadutsira pakhonde paja. Utatichotsa ife, mabenchi a kutsogolo angatsale okhaokha, koma pa mbiri palibe amene ananenapo kanthu.

Ukukumbuka mmene ankatikolera? Upite ndi nsalu ya yunifolomu Lolemba, akuuze kuti "u-u-ubwere mawa". Upitenso mawa, upeze angodula kolala yokha. Ndiye poti wafika kale, akupatse Buku Lopatulika lija analikuta ndi chigamba cha khaki, ati, "Ta-tandiwerengera, maso anga ali pa singano." Ukalumpha mzere, phazi lawo linkaima pa chopondera, makina n'kukhala duu, mpaka ubwerere pamene walumphapo. Buku lonselo linali m'mutu mwawo, ife ankangotinamiza. Kutsogolo m'tchalitchi sanaimepo chifukwa cha chibwibwi chija, ndipo akapatsidwa pemphero la chakudya nsima inkazizira. Pakhondepo sankalalikiranso ayi, ankangofunsa. Tsiku lija tinawerenga za mwana wolowerera pa Luka 15, iwo n'kufunsa kuti kodi wamkulu uja analowa m'nyumba kapena anagona panja? Iwe unati analowa chifukwa kunali nyama. Anaseka mpaka singano inathyoka. Ine funsolo linandisautsa mpaka ndinakafunsa aphunzitsi a Sande sukulu, ndipo ndi mmene ndinayambira kupitako mwa kufuna kwanga, osachita kukokedwa. Kumenekonso yankho analibe, poti buku silinena.

Koma cha bambo anga ndicho sindidzaiwala. Ukudziwa kuti iwo anali a gule, osati ongotsatira, anali wakunjira. Akhristu a masiku amenewo akamadutsa pakhomo pathu ankayimba mokweza dala, ena mpaka kulavula. Mlaliki wina anabwera kudzawauza za moto wosatha, iwo anamuperekeza ndi mpini mpaka pamsewu. A Telala ankangobwera madzulo, nkhomo za bawo zili m'thumba la jekete. Zaka ndi zaka, bawo yekha. Ankawasokera mabuluku pangongole osawalonjerera. Mayi atamwalira kunatuluka zilombo, akhristu ambiri sanaponde pakhomo, koma a Telala anagona pasiwa mpaka tsiku lometa. Anawaitana kubwalo la akulu ampingo kuti akayankhe, iwo anangoti anakamuthandiza mnzawo kulira, ndipo poti kuyankhula kwawo kunkatenga nthawi, akuluakuluwo anatopa n'kuwamasula. Patapita zaka bambo analowa kalasi, mutu uli mbuu, kukhala benchi limodzi ndi tiana ta Sitandade 6, kuloweza mayankho a katekisima. Nditawafunsa chimene chawalowa, anati munthu uyu wandidya pa bawo kambirimbiri koma sananditukwanepo, ndiye ndikufuna ndikaone kumene amakutenga kufatsako.

Tsopano za chitenje, poti ndi zimene zikundisowetsa tulo. Mpingo wathu ukukwanitsa zaka 50 chiimire paokha, chisangalalo chili mu Okutobala, ndipo komiti yagamula kuti tisindikize nsalu. Ine anandiika mu komitimo chifukwa ndimalemba bwino maminitsi, osati kuti ndiziyankhula. Pansalupo pakhala tchalitchi pakati, nkhope za abusa onse amene anatumikirapo mozungulira, ndi bwana uja wa ku Area 47 amene anapereka simenti ya pansi. Ndinaimika mkono, ndinati a Telala ndi agogo Nasibeko nawonso akhalepo. Chipinda chonse zii. Kenaka msungichuma anati tikatero aliyense abwera ndi chithunzi cha agogo ake, nsalu idzaoneka ngati pepala loponyera voti. Mfundo yakeyo ndi yomveka ndithu, n'chifukwa chake inandipsetsa mtima kwambiri. Wina anafunsa ngati chithunzi chawo chilipo n'komwe. Chilipo chimodzi chokha, cha pa chiphaso cha unzika chija tinajambulitsa mu 2017, maso ali tuzu, kolala itapindikira m'kati. Telala wathunthu, kolala yopindika.

Ndinafika kunyumba ndikufuka utsi, nsima sindinadye. Koma nditagona ndinayamba kuganiza za kumene nkhope zimathera pa chitenje. Nachisale, taganiza bwino. Abusa a magalasi aja, pa nsalu ya chisangalalo cha chigwirizano ija, ukavala mwaulemu wake ankagwera pati? Amayi tonse tinawakhalira, pafumbi, pamaliro, mu minibasi. Ana tinaberekera pa iwo, ndipo khanda silidziwa za ulemu wa abusa. Yanga inathera pophimba mtanda wa mandasi, ya make Chisomo pano ndi nkhata. Ndiye ine ndikumenyera nkhondo kuti a Telala, munthu wamanyazi uja amene ankayeza mzimayi m'chiuno atayang'ana kudenga, akakhale kumbuyo kwa amayi a mpingo wonse? Akhoza kudzuka. Ndinaseka ndekha mumdima mpaka a Jere anadzidzimuka n'kundigwira pachipumi kuti mwina malungo andiyamba. Iwo atagonanso, ine ndinalira. Chifukwa pa chisangalalo chilichonse, nsalu za nkhope za anthu ena ankasoka ndi iwo, usiku, pa nyali ya parafini, simbi ya makala ili pambali, akuzunguliza sizasi mosamala kuti asadule mutu wa mbusa. Munthu akabweretsa nsalu yopereweza ankamubweza, ati sindingakuvekeni mbusa theka.

Chaka chino asoka ndani? Mnyamata wa pamsika uja anandisokera bulauzi ya chigwirizano mkono wina wautali wina waufupi, nditadandaula anati ndi mapewa anga. Ameneyo abusa adzawadula makutu, ndikukuuza, wina adzamulumikiza chibwano ndi chipumi cha mnzake pa msoko wa m'mbali. Mlandu udzagwera komiti, ndipo maminitsi ndi anga, dzina langa lili pansi pa tsamba lililonse. Ndikudziona kale nditakhala pa kabenchi ka olakwa kubwalo la akulu, atayala siketi pa tebulo monga umboni, a Mbewe atavala magalasi kufufuza kuti khutu ili ndi la mbusa wa chaka chiti. Adzandidula mgonero chifukwa cha khutu. Iwe uzidzamva uli ku Ulaya kuti mnzako uja anamudula, anthu n'kumaganiza za chigololo kapena mowa, pa msinkhu wanga uno. Usaseke, a Jere ati ndikapitiriza kuyankhula za chitenje kutulo asamukira kuchipinda cha anyamata.

Nkhani yako ya katchalitchi ka ku Colchester yafika pa nthawi yake. Wati umadutsa pa Artillery Street popita kuntchito, ndipo tsiku lina unalowamo kukaona chikwangwani chokumbukira mlaliki wotchuka uja Spurgeon. Ine nkhaniyo ndinaimva kwa abusa akale aja, ankaikonda kwabasi. Januwale 1850, mnyamata wa zaka 15, chipale chofewa chamutsekera njira ya kumene ankapita, n'kukhotera m'katchalitchi ka a Primitive Methodist, muli anthu osakwana ndi 20 omwe. Mlaliki wa tsikulo walephera kufika, ndiye panaimirira bambo wina woonda, wosapita patali ndi sukulu, n'kutsegula Yesaya 45:22, pamene Mulungu akuitana anthu a ku malekezero a dziko kuti ayang'ane kwa iye apulumuke. Mawu atamuthera, bamboyo anayang'ana mnyamata wachilendoyo n'kumuuza kuti akuoneka wovutika, ayang'ane kwa Yesu. Spurgeon mwini wake pofotokoza anati bamboyo anali wosoka nsapato, kapena telala, kapena wa ntchito ina yotero. Telala, Nachisale! Mnyamatayo anadzalalikira kwa anthu masauzande ku London, maulaliki ake akusindikizidwabe mpaka lero, koma za dzina la bamboyo anthu ophunzira akukanganabe. Ukadzalowanso uyang'anitsitse pakhomapo ngati pali ngakhale kamzere kamodzi konena za iye. Ndipo uzivala sokosi ziwiri, chifuwa chako chija ndimachidziwa.

Kuno n'chimodzimodzi. Ana amaloweza za amishoni ndi masiteshoni awo, Laws, Murray, Vlok, Mvera 1889, Nkhoma 1896. Masukulu anatchedwa maina awo, William Murray, Robert Blake. Sindikuwanyoza ayi, anthu aja anasiya kwawo, ndipo anzawo ambiri mafupa awo ali kuno. Koma mzungu mmodzi wokhala pa siteshoni akanafika midzi ingati? Amene ankagona m'midzimo, kuimba belu la khasu lakutha, kuphunzitsa a e i o u pansi pa mtengo ndi katekisima pomwepo, kukangana ndi mafumu, kudya nsima ya eni mudzi, anali aphunzitsi a konkuno. Albert Namalambe ndiye anali woyamba kubatizidwa ku Cape Maclear mu 1881, mishoni itakhala pamenepo chiyambire 1875. Chaka chomwecho azungu anasamukira ku Bandawe kuthawa malungo, ntchito ya pamalopo n'kusiyira iye. Kafunse mwana wa kwaya ngati anamumvapo. William Koyi, Mxhosa wa ku Lovedale, anakakhala pakati pa Angoni a M'mbelwa ku Njuyu chifukwa chiyankhulo chake chinkamveka kwa iwo, anapirira zaka zimene mafumu ankakaniza sukulu, n'kumwalira konko mu 1886 chilolezo chitangoperekedwa kumene. Iyeyu bola, dzina lake lili pa nyumba ya alendo ku Mzuzu. Ndipo awa ndi amene mwayi unawagwera n'kulembedwa m'mabuku. Kamtsikana kaja ka pa 2 Mafumu 5, kamene kanauza mkazi wa Namani kuti ku Samariya kuli mneneri, ngakhale m'Baibulo momwemo kalibe dzina.

Nanga a Telalawo, ukudziwa amene anawakoka? Wandiuza ndi mwana wawo wamkulu pasiwa, ine zaka zonsezi ndinkangodziwa za mwendo wokha. Anapita ku Joni pa Wenela ali mnyamata, womwa, wandewu. M'komponi ankagona chipinda chimodzi ndi Mshangani wina wa ku Mozambique amene ankagwada usiku uliwonse pa bedi la simenti lija, anzake akumugenda ndi nsapato, ndipo a Telala ndiwo ankayamba kugenda. Tsiku lina mwala unawaphwanya mwendo pansi pa mgodi. Amene ankawayendera kuchipatala, kuwachapira ndi kuwasungira katundu kuti asabedwe anali Mshangani yemweyo. Dzina lake lenileni sanalisunge, onse ankangomuti Madala. Ndege ya Wenela ija itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa za Wenela, iwo anabwerera kumudzi ndi makina a Singer, Baibulo ndi mwendo wotsimphina. Ndiye iwe ndi ine, ndi bambo anga, ndi abusa a ku Kasungu aja, tili ndi ngongole kwa Mshangani amene manda ake sitidzawaona. Ameneyo pachitenje timuika pati? Ndikanati ndifunse zimenezi mu komiti, msungichuma akanakomoka.

Agogo Nasibeko alipo, ndipo apa ndiye ndikufuna thumba lako, usanamizire kuti magalasi waiwala kuntchito. Ndinapitako Lamlungu titaweruka. Maso anatha, amandizindikira ndi mawu. Denga linaboka pakona pamene amagona, dzinja lathali mvula ikayamba usiku ankakokera mphasa pakati pa nyumba n'kukhala tsonga mpaka ikate. Mayi amene ankatidzutsa Lamlungu lililonse, ana a eni, kutisambitsa pachitsime, kutidzoza mafuta a nsatsi, n'kutiyendetsa mtunda wonse uja akutinyengerera ndi zitumbuwa. Mayi amene anakhala nawe usiku wonse pamene mwana wako woyamba uja anapita, osatchula vesi ngakhale limodzi mpaka kunja kunacha. Pepa pokukumbutsa. Tsiku limene adzatsikire kuli chete tidzavala zoyera tonse, tidzayimba usiku wonse, tidzasonkha za bokosi lonyezimira, nkhata za maluwa zidzachita kusanjikizana. Lero akugona chokhala.

Ine ndati ndalama imene ndikanagula chitenje ndiika pa malata. A Jere ati mitengo ya denga adula bulugamu wa kumunda kwathu. Anyamata a kwaya avomera kukhoma, bola pakhale nsima ndi nyemba. Chatsala ndi malata ndi misomali, ndipo mtengo wake sindilemba pano kuopa ungadwale, chigwereni kwacha mu Novembala 2023 zinthu zimakwera iwe uli pamzere. Tumiza zimene ungathe kudzera kwa mlongo wako, koma umuuze kuti ine ndikudziwa kuchuluka kwake. Usatumize ku komiti. Agogowo nditawauza za chitenje anati nkhope yawo isaikidwepo, ili ndi makwinya, ingaononge nsalu ya anthu, koma ngati nsaluyo ili yolimba ndiwagulireko imodzi yofunda. Ndiye ndigulabe. Waona mmene andigonjetsera, ine amene ndinalumbira pamaso pa komiti yonse kuti khobidi langa silipitako.

Zina ndi zomwezi. Chikondi wapeza banja, chinkhoswe chili mu Ogasiti, mnyamata ndi wa ku Ntcheu, tidzakamba. A Jere anawachita opaleshoni ya diso, akuona bwino, mpaka akuona fumbi la pakabati limene kale silinkawavuta. Koma mbuzi za make Chisomo, Nachisale! Zandidyera mpiru wonse kudimba, zabwereranso kudzamaliza tomato, ndipo mwini wake akuti mpanda wanga ndi umene uli wofooka. Akunena zimenezi m'maondo mwake muli mafuta ako. Ndikati ndikadandaule kwa nyakwawa, ndikukumbuka kuti Lamlungu timakhala benchi limodzi ndipo buku la nyimbo timaonera langa. Shuga akusowa, akapezeka akugulitsa paketi imodzi munthu mmodzi, ndiye timatuma zidzukulu zonse kukaima pamzere titaziuza kuti zisapatsane moni. Magetsi azimanso, ndikulemba ndi tochi ya foni nditaitsamiritsa ku botolo la mchere, ukaona mizere ikukwera phiri usadabwe. Nsapato zija unanditumizira n'zazing'ono, ndimavala tsiku la mgonero lokha poti timakhala pansi nthawi yambiri. Phazi langa silinasinthe, ndi iwe waiwala.

Za gogo wachizungu uja wati amakufunsa nyimbo imene umang'ung'udza pomusambitsa, iwe n'kumaopa malamulo a kuntchito. Za malamulo a kumeneko usamvere ine, ntchito ingakuthere ndipo malata a agogo angapite nayo. Koma wafunsa ndi iye, si iwe. Muuze zimene nyimboyo ikunena basi, usamuyambire ulaliki, ndimakudziwa ukayamba sumaima. Akafuna zambiri afunsanso yekha. Kapena umuuze kuti maso ako ali pa thaulo, akuwerengere.

Pepala landithera, ili ndang'amba m'kope la maminitsi ndipo msungichuma amawerenga masamba. Moni kwa ana, uwauze kuti Chichewa chawo cha pafoni chija chikundichititsa manyazi.

Ndine mnzako,
Nangozo

Ndikulemba m'mphepete muno, upendeketse pepala. Makina a Singer aja ana awo ayamba kale kukanganirana, wamkulu akuti ndi ake ndipo wapeza kale wogula, chonsecho amene amadziwa kupalasa ndi kamdzukulu kakakazi kaja kanasiyira Fomu 2, ndiye ndimaganiza kuti mwina iwe ndi ine tikanati